Kuyambira pa chithatha mpaka galimoto ya magalasi

Chaka chatha nyengo ya dzinja tidataya amalume athu ku Blantyre. Adamwalira Lachiwiri usiku m'chipatala, ndipo pofika Lachitatu m'mawa abale tidali titakhala pansi kuseri kwa nyumba ya siwa, kukambirana za ulendo wopita nawo kumudzi ku Dedza. Za bokosi sitidavutane. Za ufa ndi ndiwo amayi a mpingo adali atayamba kale kuyendetsa. Pomwe padavuta ndi pa galimoto.

Ana a malemu amafuna galimoto yeniyeni ya maliro, ija yaitali ya magalasi m'mbali ndi makatani oyera. Amati bambo awo adagwira ntchito zaka zambiri mumzinda ndipo sangabwerere kwawo ngati thumba la chimanga. Akuluakulu ochokera kumudzi amati tipeze lole, bokosi likhale pakati, anthu azungulire m'mbali. Iwo amawerengera kuti ndalama ya galimoto ya magalasiyo ikadadyetsa anthu masiku onse a maliro n'kutsalako ya fizi ya mwana wotsiriza, amene pa nthawiyo adali Fomu 3. Mawu adakwera mpaka mkulu wina adachita kutikumbutsa kuti tili pa zovuta.

Ndikhulupirira kuti ambiri mwa inu awerengi mudakhalapo pa mkangano wotere. Ine udandisiya ndi funso. Galimoto imene lero tikuyezera ulemu wa munthuyi idachokera kuti, ndipo idabwera kudzathetsa vuto lanji?

Kale maliro amayenda pa mapewa

Makolo athu sadali ndi mutu woterewu chifukwa munthu amabadwira, kukulira ndi kufera m'dera limodzi. Manda adali pamsitu kuseri kwa mudzi, mtunda woti gogo atha kuyenda ndi ndodo. Munthu akatisiya amamusambitsa, kumukulunga mu mphasa, ndipo adzukulu amadula mitengo iwiri yowongoka n'kumangirira timitengo topingasa ndi luzi. Chimenecho ndiye chithatha. Amuna anayi amasenza, ena n'kumalandira m'njira. Ulendo umatalikirako mkamwini akafera kuchikamwini, abale ake n'kuumirira kuti akagone kwawo. Apo achinyamata amalandirana tsiku lathunthu, kukwera zitunda ndi kuoloka mitsinje.

Ulendo wa maliro wotchuka koposa m'chigawo chino cha Africa nawonso udayenda pa mapewa. David Livingstone adamwalira kumayambiriro kwa May 1873 m'mudzi wa Chitambo, m'dera la Ilala, komwe lero ndi ku Zambia. Anthu amene amayenda naye, motsogozedwa ndi Susi ndi Chuma, adachotsa mtima ndi zam'kati n'kuzikwirira patsinde pa mtengo. Thupi adalithira mchere n'kuliyanika padzuwa pafupifupi masabata awiri, kenaka adalikulunga mu nsalu ndi makungwa n'kulimangirira ku mtengo woti amuna awiri azisenza. Chuma ameneyu adali Myao, mmodzi mwa akapolo amene adamasulidwa kuno kwathu, kumapiri a ku Shire, mu 1861 akadali mnyamata.

Adayenda makilomita oposa 1,500 mpaka ku Bagamoyo, kugombe la nyanja ya mchere ku Tanzania, komwe adafika mu February 1874. Imeneyo ndi miyezi 9 ali ndi maliro paphewa. Ena adadwala, ena adafera m'njira. Poopa kuti eni dziko sangalole mtembo wa mlendo kudutsa m'midzi yawo, pena amaumanga ngati mtolo wa nsalu zamalonda. Azungu amene adakumana nawo kufupi ndi Tabora adawalangiza kuti angoika pompo, koma iwo adakana. Thupilo lidaikidwa ku Westminster Abbey mumzinda wa London pa 18 April 1874, ndipo Susi ndi Chuma padalibe pa mwambowo.

Nkhani imeneyi ikuonetsa kumene vuto lonse limayambira. Munthu wafera kuno, pomwe anthu ake akufuna kuti akagone uko. Mtunda umenewo ndi umene udabala ngolo, sitima, galimoto ndi ndege za maliro. Zodzionetsera zidachita kukwera pambuyo.

Ngolo za mafumu

Zodzionetserazo nazo sizidayambe dzulo. Zithunzi za m'manda a ku Egypt wakale zimaonetsa bokosi litaikidwa pa matabwa okhwekhwereza pansi, ng'ombe zikukoka, amayi akulira pambuyo. Ku Thebes, komwe manda a mafumu adali kutsidya la kumadzulo kwa mtsinje wa Nile, maliro amayenera kuyamba aoloka pa bwato.

Mfumu Alexander Wamkulu itamwalira ku Babylon m'chaka cha 323 Yesu asadabadwe, amisiri adatha pafupifupi zaka ziwiri akukonza ngolo yonyamulira thupi lake. Wolemba mbiri wina wakale, Diodorus, adafotokoza kuti ngoloyo idali ngati kachisi woyenda, wokutidwa ndi golide, ndipo imakokedwa ndi nyulu 64. Nyulu ndi nyama yobadwa kwa bulu ndi hatchi. Padalinso gulu la anthu okonza msewu kuti chingolocho chidutse. Koma sichidafike kumene chimapita. Mmodzi mwa akuluakulu a asilikali ake, Ptolemy, adakumana nacho m'njira ku Syria n'kutenga thupilo kupita nalo ku Egypt, podziwa kuti amene wasunga mtembo wa mfumu ndi amene anthu amuone ngati mlowam'malo. Kulimbirana maliro pofuna mpando kudayamba kalekale.

Dzina lochokera kumunda

Angerezi amaitcha galimoto ya maliro kuti hearse. Dzinali lidachokera ku liwu la Chifalansa lakuti herse, lomwe ndi chida cha mano ambiri chimene alimi amakoka m'munda pofuna kuphwanya zibuma akatha kulima. M'matchalitchi a ku Ulaya amaika pamwamba pa bokosi chimango chokhala ndi misomali yoloza kumwamba yozikapo makandulo, ndipo poti chimafanana ndi chida cha kumunda chija chitagadamitsidwa, adachipatsa dzina lomwelo. Pang'onopang'ono dzinalo lidasamukira pa chonyamulira bokosi, ndipo m'zaka za m'ma 1600 lidayamba kutanthauza ngolo yokokedwa ndi mahatchi.

Ngolo zimenezi zidafika pachimake ku Britain m'zaka za m'ma 1800, nthawi ya Mfumukazi Victoria. Zimakhala zakuda bii, za magalasi m'mbali kuti anthu azionera bokosi, ndipo mahatchi akuda amawaveka nthenga za nthiwatiwa kumutu. Maliro a mwana kawirikawiri amayendera zoyera. Munthu woima m'mbali mwa msewu amatha kudziwa chuma cha banja powerenga mahatchi ndi nthenga. Kudalinso anthu aganyu amene ntchito yawo idali kuvala zakuda, kugwetsa nkhope n'kumayenda chete patsogolo pa ngolo.

Amphawi a nthawi imeneyo amaopa kwambiri kuikidwa ndi boma m'dzenje la anthu osowa abale. Choncho ngakhale banja losowa chakudya limayesetsa kusonkha kandalama sabata iliyonse ku timabungwe ta maliro. Mantha a manyazi pa maliro, amene adatikanganitsa kuseri kwa siwa kuja, adavutitsapo anthu a ku London ndi Manchester zaka zoposa 150 zapitazo.

Chitsanzo cha kupyola muyeso chidaoneka pa 18 November 1852, pa maliro a Duke of Wellington, msilikali amene adagonjetsa Napoleon ku Waterloo. Boma lidamupangira chingolo cha mkuwa wosungunulidwa kuchokera ku mizinga yolandidwa pankhondo. Chimalemera matani oposa 10 ndipo chimakokedwa ndi mahatchi akuda 12. Chili m'njira, pamsewu wotchedwa The Mall, wilo lidatitimira ndipo apolisi ambirimbiri adachita kuthandiza kuchizula. Chitafika pa tchalitchi cha St Paul's, makina otsitsira bokosi adakanika, ndipo akuluakulu a dziko adadikira pamphepo pafupifupi ola lathunthu. Mlembi wotchuka Charles Dickens adachinyoza chingolocho kuti chidali chonyansa.

Sitima yopita kumanda

Nthawi yomweyo mzinda wa London udali pa vuto lenileni. Anthu adachuluka kuchoka pafupifupi 1 miliyoni mu 1801 kufika poposa 2 miliyoni mu 1851, ndipo manda a pamatchalitchi adadzaza mpaka okumba amakumana ndi mabokosi osaola. Mliri wa kolera wa 1848 ndi 1849 udapha anthu zikwizikwi, zinthu n'kufika poipa. Njira idali yotsegula manda aakulu kunja kwa mzinda. Amodzi mwa mandawo adali a Brookwood, pafupifupi makilomita 40 kuchokera ku London, mtunda woti ngolo ya mahatchi ikadatha tsiku.

Motero mu November 1854 idayamba kuyenda sitima ya pamtunda ya maliro okhaokha, yotchedwa London Necropolis Railway. Imanyamuka pa siteshoni yakeyake pafupi ndi Waterloo, itatenga mabokosi ndi anamfedwa. Bokosi lililonse limakhala ndi tikiti yake, yopita kokha. Chodabwitsa n'chakuti ngakhale akufa amawagawa m'makalasi atatu monga mwa ndalama zimene abale alipira. Bishopu wa London wa nthawi imeneyo, Charles Blomfield, adali atadandaula kuti si bwino mtembo wa munthu wolemekezeka uyendere limodzi ndi wa munthu wa makhalidwe oipa. Kumanda kudali masiteshoni awiri, ina ya a mpingo wa Anglican, ina ya a mipingo ina. Sitimayi idayenda zaka 87 mpaka mu April 1941, pamene mabomba a Germany adaphwanya siteshoni yake ya ku London.

Ku America sitima idagwira ntchito ina, yopititsa maliro kwa anthu. Pulezidenti Abraham Lincoln ataphedwa mu April 1865, thupi lake lidayenda pa sitima makilomita oposa 2,600 kuchoka ku Washington kupita kwawo ku Springfield, m'boma la Illinois. Ulendowo udayamba pa 21 April n'kutha pa 3 May, sitima ikuima m'mizinda ikuluikulu kuti anthu aone nkhope. M'midzi ya m'njira anthu amaima m'mbali mwa njanji ngakhale pakati pa usiku, atakoleza moto.

Kubwera kwa injini

Galimoto zitayamba kuoneka m'misewu, anthu sadafulumire kuzikhulupirira pa maliro. Ambiri amati n'kupanda ulemu kuthamangitsa munthu kumanda ndi chinthu chaphokoso ndi utsi. Ku America mwambo woyamba wodziwika wa maliro oyenda pa galimoto udachitika mumzinda wa Chicago mu January 1909, pansi pa mkulu wina wa bizinesi yoika maliro, H.D. Ludlow. Chaka chomwecho kampani ya Crane & Breed ya ku Cincinnati idayamba kugulitsa galimoto zopangidwira ntchito imeneyi.

Chimene chidagonjetsa mahatchi ndi masamu. Hatchi imadya ngakhale tsiku limene kulibe maliro, imafuna khola ndi woisamalira, ndipo imayenda ulendo umodzi kapena awiri patsiku. Galimoto imatha kutumikira mabanja angapo tsiku limodzi n'kufika kumanda akutali. Pofika m'zaka za m'ma 1920 mahatchi adali akutha m'mizinda ikuluikulu. Kapangidwe kake kadakhazikika nthawi yomweyo ndipo sikadasinthe kwenikweni: amatenga galimoto yapamwamba monga Cadillac, Daimler kapena Mercedes-Benz, kuidula pakati, kuitalikitsa, n'kuika kumbuyo thabwa la timawilo totsetserekerapo bokosi. Magalasi ndi makatani aja ndi chotsalira cha ngolo za mahatchi.

Pali mbali ina ya mbiriyi imene ikutikhudza. Kwa zaka zambiri m'matauni ang'onoang'ono a ku America galimoto ya maliro ndi imene idalinso ambulansi, chifukwa ndi yokhayo imene munthu amatha kugonamo chowongoka. Lipoti la bungwe la National Academy of Sciences la mu 1966 lidapeza kuti pafupifupi theka la ntchito ya ambulansi m'dzikolo limagwiridwa ndi anthu a bizinesi yoika maliro okwana 12,000. Ambiri mwa iwo sadaphunzire zothandiza munthu wovulala. Lipotilo litatuluka malamulo adasintha, ndipo m'zaka za m'ma 1970 ntchito ziwirizi zidalekana.

Akuluakulu adabwerera ku manja

Tikayang'ana maliro amene dziko lapansi limawakumbukirabe, tipeza kuti ambiri mwa iwo sadayendere galimoto ya magalasi.

Pa 2 February 1901 bokosi la Mfumukazi Victoria lidafika pa siteshoni ya Windsor n'kuikidwa pa ngolo yonyamulira mzinga. Mahatchi, atadikira nthawi yaitali pachisanu, adayamba kuvuta mpaka zomangira zidaduka. Asilikali a pamadzi amene adali pa perete adagwira zingwe n'kukoka ngoloyo ndi manja mpaka kutchalitchi. Zimene zidayamba ngati ngozi zidasanduka mwambo, ndipo ndi chifukwa chake pa 19 September 2022 tidaona pa kanema asilikali a pamadzi 142 akuyendetsa ngolo ya bokosi la Mfumukazi Elizabeth II.

Mahatma Gandhi ataphedwa ku Delhi pa 30 January 1948, tsiku lotsatira thupi lake lidaikidwa pa galimoto ya asilikali, koma injini sadailize. Amuna 200 a magulu a nkhondo adaikoka ndi zingwe kwa maola oposa anayi mpaka kumtsinje wa Yamuna. Martin Luther King Jr. ataphedwa mu April 1968, anzake adakana galimoto zapamwamba. Pa 9 April bokosi lake lidayenda m'misewu ya Atlanta pa ngolo yakale ya kumunda yokokedwa ndi nyulu ziwiri, kukumbutsa anthu osauka amene amawamenyera nkhondo masiku ake otsiriza. Prince Philip adadzikonzera yekha Land Rover yobiriwira, yotseguka kumbuyo ngati pikapu, imene idamunyamula pa 17 April 2021. Papa Francisco naye pa 26 April 2025 adadutsa mumzinda wa Rome m'bokosi lamatabwa, pa galimoto yoyera yonga imene amayendera popereka moni kwa anthu.

Onsewa ndalama ya galimoto yodula koposa ikadapezeka. Amene adawakonzera mwambo adaona kuti ulemu uonekera pa anthu ogwira chingwe ndi oyenda pambuyo.

Kuno kwathu

Kuno mtunda udayamba kutalika pamene anthu adayamba kupita kukagwira ntchito m'minda ya tiyi ndi fodya, m'matauni, ndi kumigodi ya ku Harare ndi ku Joni. Amene amafera kumigodi amaikidwa komweko, kumudzi kumangofika kalata ndi kasutikesi ka zovala. Abale amalira maliro opanda mtembo.

Misewu itatseguka, anthu sadafunenso zimenezo. Manda a m'tauni alipo, monga a HHI ku Blantyre ndi a Area 18 ku Lilongwe, koma ambiri timafunabe kukagona pamsitu wa makolo. Galimoto yathu ya maliro kwa zaka zambiri yakhala lole. Imene dzulo imatuta mchenga kapena fodya, lero aisesa, amangirira masamba kutsogolo, bokosi pakati, amayi a Mvano, a Chigwirizano kapena a Dorika m'mbali akuimba nyimbo ulendo wonse. Kumudzi anthu amakhala atayala kale masamba pamsewu, ndipo wa njinga akawaona amatsika, wa chipewa amavula. M'mabanja ena mkulu amayankhula ndi malemu pofika pa mlatho kapena pamalire, kuwauza pamene afika, poti amati ukapanda kutero galimoto imatha kungozima popanda chifukwa. Kumene lole sifika, ngolo ya ng'ombe imalandira. Wa ku Likoma kapena Chizumulu akafera kumtunda, bokosi limaoloka nyanja, ndipo sitima imene yatumikira zilumbazi kuyambira mu 1951, ya Ilala, ili ndi dzina la dera lija adafera Livingstone.

M'zaka za m'ma 1990, Edzi itafika povuta, maliro adachuluka mpaka akalipentala a m'malo ngati Mchesi ku Lilongwe adasiya mipando n'kuyamba kukhoma mabokosi okhaokha. Lole za makampani ndi za boma zimakhala pamsewu sabata iliyonse, chifukwa m'malo ambiri a ntchito bokosi ndi galimoto zili m'gulu la zimene bwana amalonjeza wantchito. Mankhwala otalikitsa moyo atayamba kuperekedwa ulere mu 2004 imfa zidachepa, koma bizinesi ya maliro idali itazika kale mizu. Lero m'mizinda yathu muli makampani amene amasambitsa, kukonza thupi, kugulitsa bokosi, kubweretsa matenti, makina otsitsira m'manda ndi galimoto ya magalasi.

Atsogoleri athu adayenda pa ndege. Dr Hastings Kamuzu Banda adamwalira ku Johannesburg pa 25 November 1997 ndipo thupi lake lidabwera kudzaikidwa ku Lilongwe. Bingu wa Mutharika adamwalira mu April 2012, thupi lidapita ku South Africa, litabwerako lidayendera Lilongwe, Mzuzu ndi Blantyre lisadakaikidwe ku Ndata m'boma la Thyolo pa 23 April. M'bale wathu wamba wofera ku Joni amayenda pamsewu, nthawi zambiri m'kangolo kokokedwa kumbuyo kwa galimoto, kudutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka pachipata cha Mwanza kapena Dedza, zikalata zikufunidwa pa chipata chilichonse. Ndalama yake amasonkha ndi anzake a kumeneko, ena mwa iwo osamudziwa n'komwe, chifukwa amadziwa kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Koma pali anthu amene ngakhale lole sangaikwanitse. Timamva za mayi amene mwana wamufera kuchipatala, n'kumubereka kumbuyo, kumufunditsa chitenje ngati wagona, n'kukwera minibasi osatulutsa msozi, chifukwa kondakitala akadziwa amutsitsa kapena mtengo usintha. Ambiri tidaonapo ambulansi ya chipatala ikutula maliro kumudzi. Ndi chifundo ndithu, koma nthawi imene ili pa ulendowo mayi woyembekezera amene zamuvuta pachipatala chaching'ono amakhala akudikira galimoto yomweyo. Anzathu a ku America adalekanitsa ntchito ziwirizi zaka 50 zapitazo, ife sitidamalize. Ndipo chifukwa palibe njira yokhazikika, foni yoyamba imapita kwa phungu. Tafika poti phungu timamuyeza ndi kuchuluka kwa mabokosi ndi galimoto zimene watumiza, osati ndi zimene wayankhula ku Nyumba ya Malamulo.

Ulendo wa maliro umathanso kubala maliro ena. Lole yodzaza anthu mpaka pamwamba pa zitsulo, dalaivala wosagona usiku wonse, msewu wa matope: nkhani za anamfedwa ofera pangozi timaziwerenga m'nyuzipepala zomwe zino. Mu June 2024, thupi la wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima, likupita ku Nsipe, galimoto ina ya mumdipitiwo idagunda anthu ku Ntcheu ndipo anayi adataya miyoyo.

Pamene msewu umathera

Ndibwerere ku maliro a amalume. Ana adapambana. Mmodzi adakatenga katapila, galimoto ya magalasi idabwera, ndipo sindinama, idakongola. Anthu a m'makwalala a ku Blantyre amaima kuyang'ana. Tidayenda bwino pa tala mpaka pamene tidapatuka kulowa msewu wa fumbi. Mvula idali itagwa masiku awiri. Titafika pa kamtsinje kotsiriza, dalaivala adatsika, kuyang'ana matope, kuyang'ana galimoto ya bwana wake imene mimba yake ili pafupi ndi pansi, n'kupukusa mutu. Adzukulu amene adali kutidikira kutsidya adavula nsapato, kupinda mathalauza n'kuoloka. Adasenza bokosi paphewa mtunda wonse wotsala, anyamata a m'mudzi akulandirana, ena oti amalume adawalipirirapo fizi kalekale. Anthu a kumudzi, amene ana amafuna kuti aone ulemu wa bambo awo, galimoto ija sadaione n'komwe. Ngongole yake idatha patapita miyezi 7, ndipo mwana wa Fomu 3 uja adakhala pakhomo teremu imodzi.

Sindikunyoza ana amenewa. Chisoni chimafuna pochitira, ndipo munthu amene walephera kupulumutsa bambo ake kuchipatala amafuna kuwachitira chinthu chomaliza chooneka. Amene ali nazo abwereke galimoto imene mtima wawo wafuna. Eni makampani a maliro nawo akugwira ntchito yofunika, makamaka pa maulendo ataliatali pamene thupi liyenera kusamalidwa bwino.

Pempho langa ndi lakuti tizikambirana za ulendowu kusadagwe zovuta. Kholo linene likadali moyo kumene likufuna kukagona ndi mmene likufuna kukafikira kumeneko, kuti ana asadzapikisane pa tsiku limene mitu siikuyenda. Mabanja, mipingo ndi magulu a banki mkhonde akhale ndi thumba la mayendedwe a maliro, kapena alowe inshulansi ya maliro atawerenga bwino zimene ikulonjeza. Makhonsolo ndi makomiti a zipatala aganizire zokhala ndi galimoto yakeyake ya ntchito imeneyi, ngakhale pikapu wamba yotchinga kumbuyo, imene wosauka angalipire mafuta okha, kuti ambulansi itsalire odwala. Ndipo mfumu kapena mkulu wa mpingo amene akuyendetsa mwambo asachite manyazi kutsitsa anthu lole ikadzaza.

Sabata yatha ndidakumana ndi mmodzi wa adzukulu aja pamsika, akugulitsa mbatata. Ndidamuthokozanso chifukwa cha tsiku lija. Adaseka n'kunena kuti palibe chothokoza, maliro n'kulirana, ndipo adandifunsa ngati mwana uja adabwerera kusukulu. Ndidamuuza kuti adabwerera, chaka chino alemba mayeso a Fomu 4.